Kalata yotseguka kwa akuluakulu athu: bwanji timangodzuka maliro akachitika?

Olemekezeka a Pulezidenti, nduna za boma, aphungu a Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi a zanyengo, mafumu athu, abusa ndi mashehe, komanso inu matcheyamani a magulu a aMalawi kuno ku Joni,

Ndakupatsani moni nonse, ndagwada ngakhale simukundiona. Ine ndine mwana wanu wa ku Phalombe, kuno ku Johannesburg ndatha zaka 11, ndimagwira ntchito ya m'magadeni cha ku Randburg uku, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ndimakhala pa tebulo ngati msungichuma wa kagulu kathu ka maliro. Sindikulemba kuti ndinyoze munthu ayi. Kalatayi italika, mundikhululukire, nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Mwezi wathawu kunabwera bwana wina wamkulu kuchokera kumudzi, dzina sinditchula, anatisonkhanitsa mu holo ina kuti amve madandaulo athu. Anthu anafunsa za mapasipoti, za mapemiti, za katundu amene amavutitsa pa boda, zonse zofunika ndithu ndipo nanenso zimandikhudza. Itafika nthawi yanga ndinaimika dzanja n'kufunsa kuti bwana, akabwera namondwe wina woposa Freddy, kapena mliri woposa Covid, kapena aja ali ndi mabomba a nyukiliya akaponyerana mpaka mbewu osacha, dziko lathu lakonzeka bwanji? Holo yonse phwete kuseka. Bwanayo anamwetulira bwinobwino nati, "Achimwene, tiyeni tikambe zenizeni, zimenezo timusiyire Mulungu." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndinakhala pansi nkhope itagwa, m'takisi pobwerera wina anandifunsanso ngati ndayamba tchalitchi chatsopano.

Osekawo sindinawakwiyire, ndi anzanga, ndimadziwa chomwe amadya ndi pomwe amagona. Koma yankho la bwana lija ndi limene likundisowetsa tulo.

Ndiyambe ndi ife tomwe kuti musati ndikungoloza chala. Buku la kagulu kathu ndili nalo pano. Aliyense amaponya R100 pa mwezi, ndipo ndikuuzeni, mMalawi wa ku Joni akhoza kugona ndi njala, akhoza kumuzemba landilodi sabata ziwiri, koma ya maliro sazemba. Uthenga ukangolowa pa gulupu kuti uje watisiya ku Diepsloot, pofika madzulo ndalama zasonkhedwa, ena ali pa mapepala, ena akuyang'ana bokosi, azimayi akuphika pa siwa, pakutha pa sabata ngolo yamangidwa kumbuyo kwa galimoto ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka kukalowa pa Mwanza. Pa zimenezi palibe mtundu wotiposa, anthu a kuno amachita kudabwa nafe. Ndiye chaka chatha ndinapempha kuti tiwonjezere R20 yokha, ikhale yothandiza abale athu amene akukhalabe m'munsi mwa mapiri kuti asamuke mvula isanayambe. Wina anati ndikulosera tsoka, wina anang'ung'udza kuti msungichuma wapeza podyera, mayi ena achikulire amene ndimawalemekeza kwambiri anati mwanawe, munthu sagula nsalu ya maliro a munthu wamoyo. Tinavota, ndinagonja.

Tsiku limenelo ndinaona kuti ife thumba la munthu wakufa tili nalo, koma la munthu amene sanafe tilibe. Ndipo pepani akuluakulu, boma lathu nalonso limayenda ngati kagulu kathuka, kusiyana kwake n'kwakuti inu muli ndi akatswiri, ma ofesi ndi bajeti.

Pa 13 March 2023 ndinali mu rumu yanga magetsi atazima, nthawi ija kuno amazima kawiri katatu pa tsiku, foni itatsala pang'ono kuthima. Kunalowa voisi ya achemwali anga a ku Blantyre. Mawu awo sankamveka bwino, chomwe chinkamveka ndi chiphokoso ngati malole khumi akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndi kamwana kakulira chapafupi. Anangoti "achimwene phiri likubwera," voisi n'kuthera pomwepo. Ndinaimba, ndinaimba, foni osalowa, ndinapita kukatchaja kwa mnzanga wa shopu amene ali ndi jenereta, kuimbanso, zii. Masiku awiri ndinkadula kapinga wa abwana misozi ili m'maso. Anapezeka pa sukulu ina ali ndi chitenje chimodzi ndi ana awo, amoyo. Aneba awo banja lonse linakwiririka m'matope. Voisiyo sindinafufute mpaka lero.

Freddy anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko mwathu, ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje, kwathu ku Phalombe, ndipo ambiri matupi awo sanapezeke. Koma kodi anabwera ngati mbava? Ayi. Anabadwa kufupi ndi Australia koyambirira kwa February, anawoloka nyanja yonse ya India akuonedwa ndi makina tsiku ndi tsiku, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique, anabwerera ku nyanja kukatenga mphamvu, n'kubweranso kudzera cha ku Quelimane. Masiku 36, palibe namondwe wina amene anakhalitsapo chonchi chiyambire kulemba. A zanyengo anachenjeza pa wailesi, apa ndiwayamikire, ntchito yawo anagwira. Koma munthu ukamuuza kuti thawa osamuuza kothawira, ndipo m'nyumbamo ndi momwe muli thumba lake la ufa ndi kamatilesi kake kamodzi, amakhala pomwepo n'kumapemphera.

Ndipo sichinali choyamba. Mu March 1991 ndili mwana, Napolo anatsika ku Phalombe n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana anapita, ndimakumbukira miyala yaikulu ngati nyumba itakhala pomwe panali minda. Agogo ankatiuzanso za Napolo wa ku Zomba wa 1946. Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera 1991, Phalombe atalira kale. Lamulo latsopano linakhala zaka likuzungulira m'maofesi, n'kudzadutsa mu Nyumba ya Malamulo 2023, Freddy atangotha kumene. Malamulo athu onse awiri anabadwira pa maliro. Pakati apo panali madzi a 2015, namondwe Idai 2019, ndi namondwe Ana 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri.

Ngati zinthu zimene taziona ndi maso kangapo konse timaziiwala chonchi, nanga zimene sitinazionepo?

Ndakhala ndikuganiza, ndi fosholo m'manja munthu umaganiza zambiri, kuti n'chifukwa chiyani mutu wa munthu sugwira zoopsa zakutali. Choyamba ndi mimba. Amene sanadye lero simungamuuze za njala ya zaka khumi zikubwerazi, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, akuluakulu ananena kale. Mnyamata woima pa roboti kudikira ganyu ali ndi chifukwa chomveka chosaganizira za zidzukulu. Koma n'chifukwa chake timasankha atsogoleri eti, kuti pakhale ena okhuta mokwanira oti akhoza kuyang'ana patali m'malo mwathu. Mlonda wa pa nsanja akamati nanenso ndikuyang'ana pansi ngati inu nomwe, nsanjayo tinamumangiranji?

Chachiwiri ndachiona m'buku langa lomweli. Tikaika chithunzi cha malemu pa gulupu, nkhope yake, dzina la mudzi wake, ana amene wasiya, ndalama zimabwera ngati mvula. Tikalemba kuti anthu 1,700 amwalira ndi kolera kumudzi, monga zinachitikira 2022 mpaka 2023, anthu amaika kankhope kolira kaja n'kupitiriza zina. Munthu mmodzi timamulira, chikwi timangochiwerenga. Ndiye mukanena kuti anthu mabiliyoni, kapena ana amene sanabadwe n'komwe, mtima umangoti zii, ulibe pogwira. Amene adzabadwe 2080 alibe chithunzi, alibe mudzi, savota, sangabwere pa geti panu kudzadandaula.

Chachitatu chikukhudza inu a ndale, ndipo ndinena mwaulemu. Zisankho zimabwera zaka zisanu zilizonse. Thumba la ufa loperekedwa pa kampu, makamera ali pompo, limaoneka. Mlatho umadulidwa riboni, azimayi amavina. Koma mudzi umene sunakokoloke chifukwa munausamutsa zaka zitatu zapitazo, ndani adzavine? Palibe maliro, palibe nkhani, palibe voti. Mwinanso anthu omwewo adzakudani kuti munawachotsa pa malo a makolo awo pachabe. Ndikumvetsa kuti ntchito yopewa ngozi ndi yosayamikika, amene waigwira bwino amaoneka ngati sanachite kanthu. Mukukumbukira 1999 tinkauzidwa kuti makompyuta onse asokonekera chaka cha 2000 chikamalowa? Anthu anagwira ntchito zaka kukonza, tsikulo linafika palibe chachikulu chinachitika, mpaka lero timaseka kuti linali bodza.

Palinso vuto la chinthu cha tonse. Pa yadi yomwe ndimakhala tili mabanja asanu ndi limodzi, mpope ndi umodzi. Unayamba kudontha, aliyense amauona, aliyense amati mnzake auza landilodi, unadontha miyezi inayi. Mjigo wa m'mudzi ukafa zimakhalanso choncho. Mpweya, nyengo, miliri, mabomba, zonsezi ndi mpope wa pa yadi ya dziko lonse, America akuyang'ana China, China akuyang'ana Europe, ife tikuti ndife aang'ono sizikutikhudza.

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo, pa mawu akuti "zimenezo n'za azungu." Kumapeto kwa 2019 tinkamva za matenda a ku Wuhan ngati nthano, tinkatumizirana nthabwala kuti munthu wakuda sangadwale. Pa 5 March 2020 analowa muno mu South Africa, pa 27 March dziko lonse linatsekedwa, ife a maganyu tinakhala m'marumu opanda ntchito, opanda chithandizo chifukwa ambiri mapepala athu mukuwadziwa. Anzathu anakwera mabasi kubwerera kumudzi, anakawaunjika pa Kamuzu Stadium popanda dongosolo lokwanira, mazana anathawa osadikira zotsatira za kuyezedwa. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, mizimu yawo iuse mumtendere. Za azungu zija zinalowa mpaka mu kabineti. Ndipo akatswiri anali atachenjeza kwa zaka kuti mliri wotere udzabwera, ankakumbutsa chimfine cha 1918 chimene chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse, South Africa yokha pafupifupi 300,000 m'masabata ochepa. Lero funsani kuti pa boda pa Mwanza kapena pa Dedza pali malo abwino osungirako anthu mliri wina ukagwa? Tangovula mamasiki n'kuiwala.

Mu February 2022 Russia analowa mu Ukraine. Amayi anga ku Phalombe sadziwa kuti Ukraine ali mbali iti, koma thumba la feteleza linawauza. Ndalama yomwe ndinkatumiza yogulira matumba awiri inayamba kugula limodzi. Imeneyo ndi nkhondo ya mfuti ndi akasinja chabe. Pa dziko lapansi pali mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali m'manja mwa America ndi Russia. Pa 26 September 1983 makina a ku Soviet Union anaonetsa kuti America yaponya mizinga isanu, msilikali wina dzina lake Stanislav Petrov amene anali pa ntchito usiku umenewo anakayikira nati makinawa akunama, sanapereke lipoti loti aukiridwa. Analondola, kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo. Usiku umenewo agogo athu anali mtulo m'midzi, osadziwa kuti moyo wawo uli pa maganizo a mlonda mmodzi.

Wina ati bomba silingagwe pa Limbe. Zoona, palibe angawononge bomba lake pa ife. Chotipha ife si moto koma utsi. Mizinda ikuluikulu ikayaka, utsi umakwera pamwamba pomwe mvula siufika, umaphimba dzuwa kwa zaka, dziko limazizira, mbewu sizicha. Kafukufuku wa akatswiri wa 2022 anawerengera kuti nkhondo yotere pakati pa America ndi Russia ikhoza kupha anthu opitirira 5 biliyoni ndi njala, osati ndi bomba. Zofanana ndi zimenezi zinachitikapo pang'ono, phiri la Tambora ku Indonesia litaphulika 1815, chaka chotsatira mbewu zinakanika ku Europe ndi ku America chifukwa dzuwa linachepa mphamvu. Tsono ife amene timadalira mvula imodzi ndi mbewu imodzi, amene mu March 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño yokha, tingapirire zaka ziwiri chimanga chisakucha? Ndipo nthawi imeneyo amene amatipatsa chithandizo aja nawonso adzakhala akulira njala kwawo, palibe sitima ya chimanga idzafike pa Beira kapena pa Nacala.

N'chifukwa chake nkhani ya nkhokwe imandiwawa. Amene tinalipo 2002 tikukumbukira, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, njala itafika munalibe kanthu, anthu anadya gaga, anadya mizu ya nthochi, ena anamenyedwa mpaka kufa chifukwa cha chimanga chachiwisi cha m'munda mwa eni. Akuluakulu a m'mudzi amasimbabe za njala ya 1949. Ndiye bwana akandiuza kuti timusiyire Mulungu, ine ndimakumbuka Yosefe, asilamu anzathu amati Yusufu, nkhani yake tonse timaidziwa. Atamva kuti kukubwera zaka zisanu ndi ziwiri za njala sanangoti ameni, anamanga nkhokwe. Nowa anakhoma chombo kunja kuli ng'amba anthu akumuseka. Sindikuona pomwe chikhulupiriro chimaletsa munthu kufolera nyumba mvula isanagwe.

Kuno komwe tili nakonso kwatiphunzitsa, musaganize kuti ndi matenda a aMalawi okha. Mu 1998 chikalata cha boma la kuno chinanena poyera kuti pofika 2007 magetsi adzachepa ngati samanga malo ena opangira. Sanamange pa nthawi yake. 2007 itakwana magetsi anayamba kuzima ndendende monga ananenera, pulezidenti wa nthawiyo a Thabo Mbeki mpaka anavomera pa gulu kuti a kampani ya magetsi ya Eskom ankanena zoona, boma ndi limene linalakwitsa. Dziko lolemera chonchi, la mainjiniya ambirimbiri, chenjezo linali pa pepala zaka zisanu ndi zinayi. Ndipo pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ena mwa iwo aMalawi anzathu, magulu athu a maliro anagwira ntchito usana ndi usiku sabata imeneyo. Aliyense wodutsa pa Albert Street ankaona kuti nyumba imeneyo ndi msampha, zisakasa za matabwa mkati, mawaya olumikiza mwachinyengo, zitseko zotseka. Ngozi yooneka ndi maso, ya pakati pa tauni, inadikira mpaka moto.

Ndikuuzeniko china chimene chinandizunguza mutu. Tsiku lina abwana ananditenga kukadzala kapinga ku nyumba yawo ya tchuthi ku Parys, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchoka ku Joni. Mwana wawo amene amaphunzira za miyala anandilozera mapiri ozungulira ngati mkombero wa lichero, nati apa ndi Vredefort, zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo panagwa chimwala chochokera mumlengalenga chachikulu makilomita osachepera 10, ndipo chibowo chake ndi chachikulu kuposa china chilichonse chodziwika pa dziko. Anatinso kugwa kwa mwalawo kunathandiza kupendeketsa ndi kukwirira miyala ya golide ija kuti isakokoloke, golide yemweyo amene anapezeka 1886 n'kubala Johannesburg, yemweyo amene agogo athu ankabwerera pa Wenela. Ndinaima ndi wilibala yanga n'kumaganiza kuti ndiye kuti ine ndili kuno chifukwa cha mwala umene unagwa kumwamba. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, sindikuti tizigona panja kuyang'ana kumwamba ayi. Koma kamwala ka mamita 20 kokha kanaphulika pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia mu February 2013 n'kuvulaza anthu pafupifupi 1,500, ambiri ndi magalasi a mawindo.

Ndipo nkhani ya miyalayi ndi imene imandipatsa mphamvu, chifukwa ikuonetsa kuti anthu akafuna amatha. Pali makina oyang'ana kumwamba usiku uliwonse kusaka miyala yotere, amodzi ali konkuno ku Sutherland. Mu September 2022 a NASA, bungwe la ku America la zamlengalenga, anawombetsa dala chombo chawo pa mwala wotchedwa Dimorphos n'kuusintha njira, kungoyesa kuti tsiku lina zikadzafunika adzadziwe chochita. Nthomba imene inasiya zipsera pa nkhope za agogo athu inathetsedwa pa dziko lonse pofika 1980. Maiko atagwirizana ku Montreal 1987 kusiya mipweya ina ya m'mafiriji, chophimba cha kumwamba chotiteteza ku ukali wa dzuwa (ozone), chimene mipweyayo inkawononga, chinayamba kupola. Ndipo dziko lomwe ndikukhalali linapanga mabomba a nyukiliya asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula lokha, pulezidenti wa nthawiyo a De Klerk anaulula mu March 1993. Pangano loletsa zida zimenezi mu Africa muno limatchedwa Pelindaba, dzina la malo a nyukiliya amene ali cha ku Hartbeespoort uko. Ife tili ndi miyala ya yureniyamu ku Kayelekera ku Karonga, tili ndi mpando ku United Nations ngati wina aliyense, ndiye tisamadzichepetse kuti pa nkhani zimenezi tilibe pakamwa.

Zatsopano nazo zikubwera. Mphwanga amalembetsa kalata zofunsira ntchito kwa makina a AI (nzeru za makompyuta zotsanzira munthu) pa foni, zimatuluka bwino kuposa zanga. Koma mmodzi mwa amene anayambitsa nzeru zimenezi, Geoffrey Hinton, anasiya ntchito ku Google 2023 kuti azichenjeza momasuka kuti zikhoza kudzatipulumuka m'manja. Galu wamkota sakandira pachabe. Pa misonkhano yomwe akukambirana malamulo a zinthu zimenezi, alipo wathu amene amakhalapo atawerenga, kapena timangopita kukasaina za alawansi?

Ndiye akuluakulu, zopempha zanga ndi izi.

1. Pakhale thumba la kukonzekera ngozi losiyana ndi thumba la chithandizo, lotetezedwa ndi lamulo kuti lisamabwerekedwe nthawi ya kampeni. Chaka chilichonse mutiuze mu Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena kuti munalowa zingati, zagwira chiyani.

2. Anthu okhala m'munsi mwa Soche, Ndirande, Michesi, Mulanje ndi m'zigwa za Shire apatsidwe malo enieni osamukirako, okhala ndi madzi, sukulu ndi pochitira geni pafupi, chifukwa mukamuponya munthu kutchire amabwerera, ndipo mumati ndi wosamva. Mafumu athu, nkhani ya malo ili m'manja mwanu, chonde musadikire a boma okha. Pamangidwenso malo othawirako odziwika kwa aliyense, ana asamasiye sukulu miyezi chifukwa makalasi asanduka kampu.

3. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chizilengezedwa mwezi uliwonse kuti chilipo matani angati, ndipo chisagulitsidwe zokolola za chaka chotsatira zisanadziwike. Alangizi alimbikitsenso chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere, ndi ulimi wothirira, nyanja tili nayo yonseyo.

4. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi ma labu athu apatsidwe zida nthawi ya mtendere, iwowa ndi amene amayamba kuona matenda achilendo. Pakhale dongosolo lolembedwa la momwe mudzatilandirire ife a kunja mliri wina ukadzagwa, tilidziwe tikadali kuno.

5. Nyumba ya Malamulo ikhale ndi tsiku limodzi pa chaka, limodzi lokha, lokambirana zoopsa zikuluzikulu zimene zingagwere dziko m'zaka 20 kapena 50 zikubwerazi, akatswiri a m'mayunivesite athu abwere afotokoze, ziulutsidwe pa wailesi. Ndipo amene mumawatuma ku SADC, ku African Union ndi ku United Nations pa nkhani za nyengo, miliri, zida za nyukiliya ndi AI azibwera kudzatiuza kuti anakanena chiyani m'dzina lathu.

6. Abusa ndi mashehe, anthu amakumverani kuposa nduna. A zanyengo akachenjeza, lengezani pa guwa ndi mu mzikiti. Ndipo chonde aja olosera masiku a kutha kwa dziko chaka ndi chaka muwalangize, chifukwa tsiku likadutsa osachitika kanthu anthu amayamba kuseka chenjezo lililonse, ngakhale loona.

7. Matcheyamani anzanga a kuno ku Joni, ku Pretoria, ku Durban ndi ku Cape Town, R20 ija ndikuibweretsanso. Ngati vuto ndi ine, sankhani msungichuma wina, buku ndipereka ndi manja awiri.

Amene mwawerenga mpaka pano, tumizani kalatayi kwa phungu wa kwanu, kwa amfumu, ku gulupu ya mpingo, mwina wina mwa iwo aiona. Achemwali anga aja anabwerera pamalo pomwe paja, anamanganso ndi zidina pa maziko akale chifukwa lendi ya kwina sangaikwanitse ndipo geni yawo ya tomato ili pamsika wapafupi. Ndinawaimbira dzulo, akuti kumwamba kwayamba kuchita mitambo madzulo, ndipo mwana wawo wamng'ono uja akangomva bingu amakalowa pansi pa tebulo.

Ine wanu mwaulemu,
Msungichuma wa kagulu kena ka maliro,
Johannesburg